Rice Cooker Imaphika Yokha, Koma Mpunga Umafunabe Maso Anu

Chaka chatha mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatibweretsera rice cooker. Kunyumba kwathu kunali chisangalalo. Ana anasiya kukankhirana ntchito yokoleza mbaula, ndipo ine ndinasiya kuima pakhomo pa khitchini kuopa kuti mpunga upserera. Chimene chinandikoka mtima kwambiri chinali kagetsi kolembedwa kuti "Warm". Ndinati basi, vuto la chakudya cha pa Sabata latha. Ndiziphika mpunga Lachisanu dzuwa lisanalowe, uzikhala wofunda usiku wonse, pochokera ku tchalitchi tizingopakula.

Milungu itatu zinayenda bwino. Mlungu wachinayi tinafika kunyumba cha m'ma 1 koloko masana, kagetsi kaja kakuyaka monga mwa nthawi zonse. Mpunga unali wofunda, wooneka bwino, wopanda fungo lililonse lachilendo. Tinadya ndi nyemba ndi nkhwani wotendera. Isanakwane 4 koloko mwana wathu wamng'ono anayamba kusanza, kenako mkulu wake, kenako bambo awo. Ine amene ndimaima kutsogolo kwa mpingo kuphunzitsa za ukhondo wa chakudya, manyazi anandigwira.

Ndinaimbira foni mayi wina wa mumpingo mwathu amene ndi namwino. Atamva za ndiwo ndi madzi amene tinamwa, anandifunsa kuti, "Nanga mpungawo, amayi, munaphika liti? Magetsi kwanuko anagona bwanji?" Nditafunsa oyandikana nawo nyumba ndinamva kuti magetsi anazima cha m'ma 10 koloko usiku ife titagona, ndipo anabwera m'mawa titanyamuka kale kupita ku Sukulu ya Sabata. Mpunga uja unazizira pang'onopang'ono usiku wonse uli wovindikira, kenako makina anaufunditsanso. Kagetsi sikananame, koma sikakanatiuza zimene zinachitika mumdima.

Onse anachira tsiku lotsatira. Rice cooker ija sindinaitaye, ndimaphikirabe pafupifupi tsiku lililonse. Koma kuyambira pamenepo ndinafuna kuidziwa bwino, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikugawana nanu.

Imadziwa bwanji kuti mpunga wapsa?

Rice cooker yoyamba yozimitsa yokha inatulutsidwa ku Japan mu 1955 ndi kampani ya Toshiba. Amene anaikonza ndi bambo wina dzina lake Yoshitada Minami, koma ntchito yaikulu yoyesa inagwiridwa ndi mkazi wake Fumiko, yemwe ankaphika mpunga mobwerezabwereza, potentha ndi pozizira pomwe, akulemba mmene kutentha kukusinthira. Zimandisangalatsa kuti nzeru ya makinawa inachokera kwa mayi amene ankaudziwa mpunga.

Nzeruyo ndi yosavuta. Madzi akamawira sapitirira madigiri 100, ngakhale moto ukule bwanji. Choncho madzi akadali mu poto, pansi pa potoyo sipatentha kuposa pamenepo. Mpunga ukamwa madzi onse, kutentha kumayamba kukwera. Mukachotsa poto wamkati, mudzaona kachitsulo kozungulira pakati pa mbale yotenthetsera, kamene kamabonyeka mukakadina ndi chala. M'kati mwake muli maginito ndi sipuling'i. Kutentha kukangodutsa madigiri 100, maginito aja amataya mphamvu yogwira, sipuling'i imakankha, batani n'kudumpha kuchoka pa "Cook" kupita pa "Warm". Ndiko kaphokoso kamene mumamva kaja.

Izi zikutanthauza kuti makinawa saona mpunga. Amangomva kuti madzi atha. Mukathira madzi ochepa, batani lidzadumpha mpunga usanapse. Mukathira ambiri, mudzapakula phala. Ndipo ngati pansi pa poto papindika kapena pali njere ya mpunga pakati pa poto ndi kachitsulo kaja, makina amasokonezeka, mpunga umapserera kapena umatsala wauwisi mbali imodzi.

Posankha yogula

Yambani ndi kuwerenga anthu a pakhomo panu. Zambiri zimene zimapezeka m'masitolo ndi za malita 1.0, 1.8 ndi 2.8. Ya malita 1.0 imaphika makapu 5 a mpunga wosaphika, ya 1.8 makapu 10, ya 2.8 makapu pafupifupi 15. Kapu imene ikunenedwayo si kapu yanu yomwera phala. Ndi kakapu kapulasitiki kobwera ndi makina, ka mamililita 180. Kakapu kamodzi kamakwanira anthu awiri ngati ndiwo zili zokwanira, ngakhale anyamata a ku sekondale angatsutse. Banja la anthu 5 kapena 6 limakwanira bwino ndi ya malita 1.8. Musagule yaikulu chifukwa choti alendo amabwera kamodzi pa chaka, popeza makapu awiri mu poto wamkulu amafalikira pansi n'kuuma.

Chachiwiri, tembenuzani makinawo muwerenge kachikwangwani kapansi. Magetsi athu ndi a mphamvu ya 230V. Zochokera ku South Africa ndi ku Britain zimagwirizana ndi mphamvu imeneyi. Koma za ku America ndi za 120V, ndipo zopangidwira m'nyumba za ku Japan ndi za 100V. Zoterezi zimapezeka pa kaunjika zikuoneka zokongola, koma mukangozilumikiza zimapsa, mwina n'kuyatsa moto. Kachikwangwani kakapanda kuoneka, siyani.

Pulagi nayo muione. Yathu ija inabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira ya ku South Africa, pamene masoketi athu ndi a mano atatu ophwatalala. Njira yabwino ndi kuitana wodziwa zamagetsi asinthe pulagi yonse, alumikizenso waya wachitatu woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi. Chizolowezi chodula pulagi n'kulowetsa mawaya mu soketi powatsekera ndi timitengo ta machesi ndachiona m'nyumba zambiri, ngakhale za anthu ophunzira. Pa chipangizo chachitsulo chokhala ndi madzi m'kati, uku ndi kuika moyo wa mwana pachiswe.

Pa kachikwangwani komweko palembedwanso mawati. Ya malita 1.8 nthawi zambiri imakhala ya mawati pafupifupi 700. Yuniti imodzi ya magetsi ndi mawati 1,000 kwa ola lathunthu, choncho kuphika kwa theka la ola kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a yuniti. Yerekezani nokha ndi mtengo wa jumbo ya makala kwanuko. Amene mumadalira sola yaing'ono youkira nyale ndi kutchaja mafoni, dziwani kuti mawati 700 ndi katundu wolemera. Funsani kaye amene anakuikirani solayo.

Nanga ya batani limodzi kapena ya mabatani ambiri okhala ndi wotchi? Kwa ine, m'dera limene magetsi amazimazima, ya batani limodzi ndiyo yabwino. Magetsi akabwera imapitiriza pamene inasiyira, ilibe zambiri zoti n'kufa, ndipo ikawonongeka amisiri a pamsika amaikonza. Zamabatani ambiri zimaphika bwino mpunga wabulauni ndi phala, koma zina zimaiwala zimene munaziuza magetsi akangozima, ndipo kabolodi kake kakapsa nkhani yathera pomwepo.

Pomaliza gwirani poto wamkati ndi manja. Wopyapyala ngati chitini amapindika msanga. Wolemerako amatentha mofanana ndipo amakhalitsa. Ambiri amapakidwa utoto wakuda kapena wotuwa woletsa kumata. Alipo achitsulo chosachita dzimbiri, amene mpunga umamatako pang'ono koma alibe choti n'kusupuka. Funsani wogulitsa ngati poto wamkati amapezeka payekha, pemphani kuti ayese makinawo inu mukuona, ndipo musachoke opanda lisiti. Ngati pali kathireyi ka mabowo kophikira ndi nthunzi, tengani imeneyo. Ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Kaphikidwe

Mpunga wathu wa pamsika, kaya ndi Kilombero wa ku Karonga kapena Faya wa ku Nkhotakota, umafuna kupeta ndi kusankha. Lichero silinathe ntchito chifukwa kwabwera magetsi. Mukatha kusankha, tsukirani m'beseni lina, osati mu poto wamkati, chifukwa timiyala totsala timakanda utoto uja. Tsukani kawiri kapena katatu mpaka madzi ayambe kuyera.

Thirani mpunga mu poto, muusalaze, kenako thirani madzi mpaka pa mzere wa nambala yofanana ndi makapu amene mwayeza. Makapu 4, madzi afike pa mzere wa 4, mpunga uli kale m'katimo. Kakapu kaja kakasowa, monga zimachitikira m'nyumba ya ana, yezani mpunga ndi madzi ndi kapu imodzi yomweyo: kapu imodzi ya mpunga woyera, kapu imodzi ndi theka ya madzi. Mpunga wongokololedwa kumene umafuna madzi ocheperako, wogonera chaka umafuna ochulukirapo pang'ono. Mukaphika kawiri katatu thumba lomwelo mudzaudziwa.

Musanabwezere poto m'malo mwake, pukutani kunja ndi pansi pake pouma, ndipo onani kuti pa mbale yotenthetsera palibe njere. Mupotokoleni pang'ono uku ndi uku kuti akhazikike. Batani likadumpha musathamangire kuvundukula. Dikirani mphindi 10 kapena 15 kuti nthunzi imalize ntchito, kenako vundulani mpunga ndi chipande chake chapulasitiki kapena mthiko. Supuni yachitsulo ayi. Potsukanso iwalani za sitiliwulu, mchenga ndi phulusa. Viikani poto m'madzi ofunda, mutsuke ndi kansalu kofewa. Utoto ukayamba kusupuka n'kumaoneka m'chakudya, nthawi yosintha poto yakwana. Thupi la makina lokhala ndi mawaya silimizidwa m'madzi, limangopukutidwa mutachotsa pulagi.

Mchere ndi mafuta ndi pamene ambiri timalakwitsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo, mu buledi ndi monse. Mpunga wa Kilombero uli ndi fungo lake lokoma, ndipo mu rice cooker sufuna mafuta kuti usamate. Kwathu tinachepetsa mchere wa mumpunga pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu, ndipo bambo a kunyumba anazindikira patapita mwezi.

Magetsi akazima mpunga uli pakati, musatenge poto wamkati kukamuika pa mbaula. Amapindika pansi ndipo sadzakhudzananso bwino ndi kachitsulo kaja. Khuthulirani mpungawo mu poto wamba, mumalizitse pa moto nthawi yomweyo. Chotsaninso pulagi, chifukwa magetsi pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Makinawo aikeni pa tebulo lokhazikika, chingwe chisalendewere pamene mwana wokwawa angakoke, ndipo kabowo kotulukira nthunzi kaloze kutali ndi njira. Nthunziyo imawotcha kwambiri kuposa mmene imaonekera. Extension yotchipa ya mawaya opyapyala imatentha ikanyamula rice cooker pamodzi ndi ketulo. Ikhudzeni pophika, ikamafunda isiyeni.

Chimene chinatidwalitsa

Mu mpunga wosaphika mumakhala bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, wochokera m'dothi la kumunda. Bakiteriyayu amadzitsekera m'timbewu tolimba timene sitifa ngakhale mpunga uwire. Mpunga ukapsa n'kukhala wotentha kuposa madigiri 60, timbewuto timangogona. Ukakhala wozizira pansi pa madigiri 5, monga mu filiji, sitichulukanso msanga. Koma pakati pa madigiri 5 ndi 60 timadzuka, timaswana, n'kutulutsa poizoni. Poizoniyo ndiye vuto lenileni, chifukwa sawonongeka ndi moto. Mutha kutenthetsanso mpunga mpaka kutuluka nthunzi, kapena kuukazinga, bakiteriya n'kufa, poizoni n'kutsala. Sanunkha, saoneka, samveka pakamwa. Munthu amayamba kusanza pakangopita ola limodzi mpaka maola 5 kapena 6 atadya.

Ntchito ya "Warm" ndi kusunga mpunga pamwamba pa madigiri 60. Imaigwira bwino magetsi akakhalapo osadukiza, chivindikiro chili chotseka. Komabe timabuku tobwera ndi makinawa timaika malire, ena maola 5, ena mpaka 12. Kuchokera 5 koloko madzulo Lachisanu mpaka 1 koloko masana pa Sabata ndi maola 20. Ngakhale magetsi akanapanda kuzima, ndinali nditadutsa kale malire. Atazima, poto wovindikira uja anasunga mpunga wofunda ndi wachinyezi kwa maola ambiri, mmene bakiteriyayu amakondera.

Malangizo a WHO pa chakudya chophika ndi akuti chisakhale panja kupitirira maola awiri. Kwa mpunga ine ndimati fulumirani kuposa apo. Wotsala upakuleni, muuyale mopyapyala m'thireyi kapena m'mbale yaikulu kuti uzizire msanga, ndipo mkati mwa ola limodzi ulowe mu filiji uli wovindikira. Mudye tsiku lotsatira. Potenthetsa, wazani madzi masupuni angapo, dinani "Cook", osati "Warm", mpaka nthunzi ituluke ponseponse, ndipo tenthetsani kamodzi kokha. Filiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola pafupifupi 4 magetsi atazima. Akazima usiku wonse mwezi wa Okutobala, mpunga uja musauyese ndi mphuno. Utayeni, ngakhale mtima ukuwawa.

Nkhaniyi ikukhudzanso Amayi a Dorika ndi onse ophikira gulu. Pa msonkhano wa misasa, paukwati kapena pamaliro, mpunga umaphikidwa m'bandakucha, n'kuikidwa m'mabeseni akuluakulu okutidwa ndi nsalu mpaka masana. Pakati pa mulu waukulu wotero pamakhala pofunda kwa nthawi yaitali. Ndi bwino kuphika mpunga pomalizira, ndiwo zitapsa kale, kapena kuphika kawiri m'malo mwa kamodzi.

Ngati wina wadwala, chachikulu ndi kubwezera madzi m'thupi. Mpatseni Thanzi ORS pang'onopang'ono, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Nthawi zambiri kusanza kotereku kumatha pasanathe tsiku. Koma mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, wokalamba kapena wodwala kale akamalephera kusunga madzi, maso akalowa m'kati, akafooka, kapena mukaona magazi, thamangani naye ku chipatala. Chimbudzi chamadzi choyera ngati madzi otsukira mpunga ndi chizindikiro cha kolera, ndipo pamenepo simudikira kuti kuche.

Mpunga woyera tsiku lililonse?

Pali chinthu china chimene ndinaona m'nyumba mwanga momwe. Kuphika mpunga kutaphweka, tinayamba kuudya kawiri pa tsiku. Kale unali wa pa Khirisimasi ndi alendo. Mpunga woyera ndi wofanana ndi ufa woyera: chigayo chachotsa gaga ndi kamtima, mmene muli mavitamini ndi zothandiza m'mimba, n'kusiya sitachi. M'zaka za m'ma 1890 dokotala wa ku Netherlands, Christiaan Eijkman, akugwira ntchito pa chilumba cha Java, anaona kuti nkhuku zodyetsedwa mpunga woyera zinkafooka miyendo mofanana ndi anthu odwala beriberi, ndipo zinkachira zikapatsidwa mpunga wosachotsa gaga. Pambuyo pake zinadziwika kuti chosowacho ndi vitamini B1. Eijkman analandira mphoto ya Nobel mu 1929. Ife sitidya mpunga wokha, choncho beriberi si imene imandiopsa. Chimene ndimaganizira ndi matenda a shuga. Mpunga woyera umakweza shuga m'magazi mofulumira, makamaka mbale ikadzaza mpunga, ndiwo zili pambali ngati zokongoletsa.

Mpunga wabulauni, womwe achotsa mankhusu okha, uli ngati mgaiwa. Amene muli kufupi ndi alimi a mpunga mutha kupempha kuchigayo kuti asauyeretse, ndipo wopuntha mu mtondo nawonso umasunga gaga wina. Mu rice cooker ya batani limodzi umapsa bwino mukauviika kaye ola limodzi kapena awiri, n'kuthira makapu awiri a madzi pa kapu imodzi ya mpunga. Umatenga mphindi 40 mpaka 50. Gulani wochepa, chifukwa mafuta a mu gaga amaupangitsa kuti usinthe fungo msanga ukakhalitsa. Ana akaukana, yambani ndi kusakaniza ndi woyera, mutauviika kaye wabulauniwo. Anga anadandaula mlungu umodzi wokha.

Apa ndi pamene kathireyi ka mabowo kaja kamathandiza. Mpunga ukuwira pansi, pamwamba ikani dzungu, karoti, zitheba, kabichi kapena mbatata yoduladula. Zimapsa ndi nthunzi yomweyo, popanda mafuta ndiponso popanda kuwonjezera magetsi, ndipo sizitaya zakudya zake m'madzi otayidwa. Zolimba monga mbatata ziikeni poyamba, masamba muike mphindi zomalizira. Mbale yabwino ikhale theka masamba, gawo lina nyemba, nandolo, khobwe kapena soya, mpunga utenge gawo lotsalalo. Odwala shuga atsatire muyeso umene anapatsidwa ku chipatala, chifukwa ngakhale wabulauni ukachuluka umakweza shuga.

Phala la mpunga lothira nsinjiro limatheka, koma muzisiya chivindikiro chotsegula pang'ono ndi kukhala pafupi, chifukwa limafufuma n'kusefukira m'mawaya. Nyemba zouma ziviikeni usiku, mutaye madziwo, ndipo ziwire mwamphamvu mphindi zosachepera 10 zisanayambe kupsa pang'onopang'ono. Nyemba zofiira zili ndi poizoni wachilengedwe amene amatha ndi kuwira kokha, choncho "Warm" siphika nyemba. Kunena zoona, nyemba ndimaphikabe pa mbaula, panja pamene mpweya ukuyenda. Nsima ndinayesa kamodzi. Musadzivutitse.

Za Lachisanu, kwathu tsopano timachita chonchi. Mpunga ndimaphika cha m'ma 3 koloko masana. Wa chakudya chamadzulo umatsala pa "Warm" mpaka titatsegulira Sabata, ndipo wamawa ndimauyala m'thireyi nthawi yomweyo, ukazizira n'kulowa mu filiji. Mu fuliza ndimasungamo kapu ya madzi oundana, pamwamba pake nditaika ndalama yachitsulo. M'mawa ndikapeza ndalamayo yamira, ndimadziwa kuti magetsi anazima nthawi yaitali, ndipo mpungawo sitidya. Masiku otero, komanso kwa mabanja amene alibe filiji, chakudya chamasana chimakhala buledi, mapeyala, nthochi, mtedza wokazinga ndi tomato wodula nthawi yakudyayo, ndipo mpunga watsopano timaphika dzuwa likalowa.